Labu yatsopano ya GIS ndi remote sensing: tiyambe kugula chiyani?

Mphunzitsi wa Mapu:
Moni nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru za anthu ambiri. Dipatimenti yathu yapatsidwa ndalama yokhazikitsira labu ya GIS (mapu a pa kompyuta) ndi remote sensing (kufufuza za dziko pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ndi ndege). Ndalamayo ndi yogulira zipangizo basi, ndipo ibwera kamodzi kokha, osati chaka ndi chaka. Kafukufuku wathu wambiri ndi wa kutha kwa nkhalango, kuyeza mbewu m'minda, ndi madzi osefukira. Akuluakulu athu akuti pamwamba pa mndandanda tilembe droni, chifukwa ndiyo imene alendo angaione tsiku lotsegulira. Ine mtima sukuvomera, koma ndikufuna zifukwa zomveka zoti ndikawauze. Inu amene munakhazikitsapo labu yotere, munayamba ndi chiyani?

Chiwombankhanga:
Akuluakuluwo sakulakwitsa kwenikweni. Droni imakupatsani chithunzi chomwe pixel imodzi ndi masentimita awiri kapena atatu pansi. Setilaiti yaulere ikayesetsa kwambiri ikupatsani mamita 10. Munda waung'ono pa mamita 10 ndi timadontho tingapo chabe. Gulani droni, zinazo zidzatsata.

Kampasi:
"Zinazo zidzatsata" ndi mawu amene anagoneka madroni ambiri m'makabati. Achimwene, mwamva kuti ndalama ibwera kamodzi?

Nkhokwe:
Aphunzitsi, ndisanayankhe ndifunse kaye. Chipindacho chilipo kale, ndipo magetsi ake ndi odalirika? Intaneti yanu imatha kukoka fayilo ya 1 GB osaduka panjira? Nanga pali munthu wolembedwa ntchito yosamalira makinawo, kapena mudzakhala inuyo pakati pa makalasi?

Mphunzitsi wa Mapu:
Chipinda chilipo, chachikulu bwino. Magetsi amathima nthawi zina. Intaneti ndi ya sukulu yonse, masana imakwawa, usiku imayendako. Katswiri wathuwathu tilibe, timabwereka wa ku ofesi ya makompyuta akapeza mpata.

Namondwe:
Ndiyambe ndi zimene simuyenera kugula, chifukwa ndi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Zithunzi za setilaiti zoyankha mafunso anu atatu onsewo zilipo zaulere.

Pa nkhalango, tengani Landsat. Yakhala ikujambula dziko lapansi kuyambira 1972, ndipo mu 2008 bungwe la boma la America la USGS linatsegula zithunzi zonse kuti aliyense azitenga osalipira. Zoyambirira za m'ma 1970 zinali zokhakhala, za mamita 30 zinayamba ndi Landsat 4 mu 1982. Panopa zikugwira ntchito Landsat 8 ya 2013 ndi Landsat 9 ya 2021. Iliyonse imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16, koma poti zimasinthana, malo amajambulidwa masiku 8 aliwonse, ndipo chithunzi chimodzi ndi makilomita 185 m'lifupi. Mphamvu ya Landsat si kuoneka bwino ayi, ndi kutalika kwa mbiri yake. Droni, kaya ikhale yabwino bwanji, singakuuzeni kuti mu 1990 nkhalangoyo inkalekezera pati. Chenjerani ndi Landsat 7 yokha: kuyambira May 2003 kachipangizo kake kena kanawonongeka, ndipo zithunzi zake zili ndi mizere yopanda kanthu.

Pa mbewu, Sentinel-2 ya pulogalamu ya Copernicus. Yoyamba inapita m'mwamba mu 2015, yachiwiri mu 2017, yachitatu mu 2024. Ili ndi ma band (magawo a kuwala amene imajambula paokhapaokha) 13, anayi mwa iwo a mamita 10, ndiwo abuluu, obiriwira, ofiira ndi near-infrared. Ma band a red-edge, amene amathandiza kwambiri poona thanzi la masamba, ndi a mamita 20. Imatenga makilomita 290 m'lifupi ndipo imabwerera pafupifupi masiku 5 aliwonse. Kubwerera pafupipafupi kumeneku ndiko kofunika, chifukwa mbewu ziwiri zimatha kufanana pa chithunzi cha tsiku limodzi koma zimasiyana pa kakulidwe kake nyengo yonse.

Pa madzi osefukira, Sentinel-1, yomwe ndi radar. Madzi amasefukira nthawi ya mvula, ndipo nthawi ya mvula kumwamba kumakhala mitambo. Landsat ndi Sentinel-2 zimajambula mitamboyo basi. Radar imaboola mitambo ndipo imajambula ngakhale usiku. Droni nayo pa mvula ndi mphepo yamkuntho imakhala pansi.

Mwanasukulu:
Pepani kulowerera nkhani ya akuluakulu. Ndili chaka chachitatu. Pa chithunzi cha radar madzi timawazindikira bwanji, poti palibe mtundu wabuluu?

Namondwe:
Funsani momasuka, gulu ndi la tonse. Radar imatumiza mafunde ake chammbali, n'kuyeza ochuluka bwanji abwerera. Madzi odekha ndi osalala, ndiye mafunde amanjanja n'kupita kutali osabwerera ku setilaiti, moti pa chithunzi madzi amaoneka akuda. Nthaka yokhakhala, mitengo ndi nyumba zimabweza mafunde ambiri, zimaoneka zoyera. Misampha yake ilipo: msewu wa ndege, mchenga wouma wosalala ndi mthunzi wa phiri nazo zimada ngati madzi, pomwe madzi a pansi pa mitengo kapena pakati pa nyumba amatha kuwala kwambiri. Ndiye mumayerekezera chithunzi cha madzi asanasefukire ndi cha atasefukira, komanso mumayang'ana kukwera ndi kutsika kwa malo pa DEM, mapu oonetsa kutalika kwa nthaka. Ya SRTM, imene inajambulidwa mu February 2000 kuchokera pa chombo cha Endeavour, ndi ya mamita 30 ndipo ndi yaulere. Ya Copernicus ya mamita 30 ndi yatsopanoko.

Nkhokwe:
A Namondwe anena zoona, koma deta yaulere imafuna pokhala. Apa ndi pamene ndalama yanu yoyamba iyenera kupita, ngakhale palibe mlendo amene adzajambulitse chithunzi ataima pambali pa UPS, bokosi la batire lothandiza magetsi akathima.

Kagawo kamodzi ka Sentinel-2, ka makilomita pafupifupi 110 mbali iliyonse, kamayandikira 1 GB. Fayilo imodzi ya Sentinel-1 ya mtundu wa SLC ndi ma GB angapo, ndipo mukayamba kuikonza mu pulogalamu ya SNAP imabereka mafayilo ena aakulu kuposa iyo. Wophunzira mmodzi wotsata mbewu nyengo zitatu adzadzaza disiki ya laputopu asanayambe n'komwe kuwerengera. Ndiye pamafunika malo amodzi osungira a labu yonse, NAS (bokosi la madisiki la pa netiweki) kapena seva yokhala ndi madisiki angapo, yolumikizidwa ndi makompyuta onse pa waya, osati pa Wi-Fi. Poti intaneti yanu imayenda usiku, sevayo izikoka zithunzi usiku kamodzi kokha, m'mawa aliyense azitenga pomwepo. Ophunzira makumi awiri akamakoka fayilo imodzimodzi aliyense payekha, mwapha intaneti ya sukulu yonse.

Chinthu china chimene anthu amasokoneza: RAID, njira yolumikiza madisiki angapo kuti azitetezana, si backup. RAID imakutetezani disiki imodzi ikafa. Munthu akafufuta foda molakwitsa, kachilombo kakalowa, kapena mphenzi ikawotcha bokosi lonse, RAID imapita limodzi ndi zonse. Lamulo lakale ndi loti deta ikhale malo atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ikhale kunja kwa nyumbayo. Simukufunika kuchita zimenezi ndi zithunzi za setilaiti, izo mungakokenso. Chitani ndi zimene simungazipezenso: miyezo ya kumunda, zithunzi zanu, ndi ma script.

Makompyuta musagule onse amphamvu mofanana. A ophunzira 16 GB ya RAM ndi SSD zikwanira. Kenako mugule amodzi kapena awiri a ntchito yolemera, 64 GB ya RAM, disiki ya NVMe, ndi GPU (khadi ya zithunzi ya m'kompyuta) yabwino. GPU imafunika pokonza zithunzi za droni ndi pa deep learning, ndipo mapulogalamu ambiri a deep learning anazolowera makadi a NVIDIA. Pa ntchito wamba ya QGIS GPU imangokhala. Sikirini zikhale zazikulu, ziwiri pa makina aakuluwo, munthu wojambula malire tsiku lonse adzakuthokozani. UPS ya seva ikhale yotha kuuza sevayo kuti izizimitse yokha batire isanathe, chifukwa magetsi akathima pakati polemba fayilo database imawonongeka. Musaiwale kuziziritsa chipinda ndi kutchinga fumbi. Mabatire a UPS amatha pakapita zaka zochepa, funsani akuluakuluwo kuti adzawagula ndani.

Wa Python:
Zonsezi ndi zoona ya zaka khumi zapitazo. Lero bwanji osangogwiritsa ntchito Google Earth Engine? Landsat, Sentinel, MODIS, zonse zili kale pa maseva awo, mumalemba mizere ingapo, kuwerengera kumachitikira komweko, inu mumangokoka zotsatira. Kwa anthu a intaneti yofooka ndiye yabwino kwambiri, chifukwa chimene chimayenda pa waya ndi chochepa.

Nkhokwe:
Sindikukana, ndipo ophunzira ayenera kuidziwa. Koma intanetiyo ikaduka kalasi yonse yaima. Ndi yaulere pa maphunziro ndi kafukufuku wosachita malonda, pa malamulo amene eni ake amaika ndipo angasinthe. Tsiku limene labu idzalandire ntchito yolipidwa nkhani yake ndi ina. Komanso deta ya minda ya anthu, yokhala ndi mayina ndi malire, si yongoikweza paliponse popanda chilolezo chawo.

Wa Python:
Ndiye zonse ziwiri. Ntchito ya dera lalikulu ndi zaka zambiri ku Earth Engine, ntchito ya deta yanu pa seva yanu. Koma zikatero sevayo isakhale yaikulu mopitirira, ndalama ina ipite kwina.

Nkhokwe:
Apo tagwirizana.

Mphunzitsi wa Mapu:
Ndikulemba zonse. Nanga mapulogalamu? Ena mu dipatimenti akuti popanda ArcGIS, pulogalamu yolipira ya mapu, labu si labu.

Wa Python:
Vuto lanu ndi lija munanena poyamba: ndalama ya kamodzi. Laisensi zambiri masiku ano ndi zolipira chaka ndi chaka. Chaka chachiwiri mudzatsegula makompyuta n'kupeza uthenga woti laisensi yatha. QGIS, imene Gary Sherman anayamba mu 2002, ndi yaulere ndipo imachita pafupifupi zonse zimene wophunzira amafuna. Mkati mwake mumafikiranso zida za GRASS, pulogalamu imene inayamba mu 1982 ku gulu la mainjiniya a asilikali a ku America ndipo mpaka lero ndi yolimba pa nkhani za kayendedwe ka madzi. SNAP ya ESA ndi yaulere pa radar. GDAL ndiyo imatembenuza mafayilo pansi pa mapulogalamu ambiri, olipira omwe. Onjezani R, Python, ndi PostGIS pa seva.

Kampasi:
Koma tisanamizane, olemba ntchito ambiri amafunsabe ArcGIS. Wophunzira wosaigwirapo amavutika pa mayeso a ntchito.

Wa Python:
Amene wamvetsa projection, topology ndi raster algebra amazolowera ArcGIS Pro pa sabata zochepa, mabatani okha ndiwo asintha malo. Funsani kaye ngati sukulu yanu ili kale ndi mgwirizano ndi Esri, kampani yopanga ArcGIS, masukulu ambiri ali nawo koma madipatimenti sadziwa. Ngati ulipo, ikani pa makina angapo. Kumbukirani kuti ArcGIS Pro imayenda pa Windows yokha. Ndipo chonde, labu yatsopano isayambe ndi mafayilo a mapu a mtundu wa shapefile. Dzina la column limalekezera pa zilembo 10, fayilo singapitirire 2 GB, ndipo ndi timafayilo tingapo timene wophunzira amatumiza kamodzi n'kuiwala tinzake. GeoPackage ndi fayilo imodzi.

Kampasi:
Tsopano ndilankhuleko zanga, chifukwa mpaka pano tonse tili m'chipinda. Mapu a nkhalango kapena a mbewu ochokera ku setilaiti ndi maganizo a kompyuta chabe mpaka munthu atapita pamalopo kukaona. Mungathe kupanga mapu okongola a mitundu isanu ndi umodzi madzulo amodzi. Funso limene woyesa aliyense adzafunse ndi lakuti: mwadziwa bwanji kuti apa mwati nkhalango ndi nkhalangodi? Yankho lake limachokera ku zipangizo za kumunda, ndipo ndizo zimaiwalika pa bajeti nthawi zonse.

GPS ya m'manja kapena foni yabwino imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5 pamalo poyera, pansi pa mitengo yowirira kuposa pamenepo. Pa Landsat ndi Sentinel-2 zimenezo zikwanira, malinga ngati mwasankha bwino poima. Musaime m'malire mwa munda. Lowani pakati pa malo ofanana, otambalala ma pixel osachepera atatu mbali iliyonse, kuti ngakhale GPS ndi chithunzi ziphonye pang'ono mukhalebe mu mtundu womwewo. Ndiye gulani za m'manja zingapo, kapena matabuleti olimba okhala ndi QField kapena KoboToolbox, kuti magulu angapo azipita nthawi imodzi. Pa nkhalango onjezani tepi yoyezera kunenepa kwa mtengo, clinometer yoyezera kutalika, tepi yaitali ya mamita 50, ndi kampasi. Ndi zinthu zazing'ono koma popanda izo simunganene chilichonse za kuchuluka kwa mitengo.

Mfundo zimene mwatolera muzigawe pawiri musanayambe. Zina ndi zophunzitsira kompyuta, zina ndi zoyesera mapu atatha, ndipo zisasakanikirane. Mukayesa mapu ndi mfundo zomwe munaphunzitsira, mudzapeza nambala yokongola yopanda tanthauzo. Zoyeserazo zisakhalenso za m'mbali mwa msewu zokhazokha chifukwa choti ndi pofikika.

Tsopano droni. Chithunzi cha masentimita atatu n'chopanda phindu ngati malo ake aphonya ndi mamita atatu. Kuti droni ikhale chida choyezera osati kamera youluka, pamafunika GNSS ya RTK (chida chonga GPS koma cholondola kwambiri), imene imafika pa masentimita ochepa. Ndi zida ziwiri: base imaima pamalo odziwika, rover mumayenda nayo, base imatumiza zokonza pa wailesi kapena pa intaneti. Ngati m'dera lanu muli masiteshoni a CORS, ma base okhazikika ogwira ntchito nthawi zonse, mungagule rover yokha n'kumalandira zokonzazo kudzera pa NTRIP. Kumene kulibe netiweki mumasunga miyezo n'kukakonza mutabwerera, njira ya PPK. Zida zatsopano zimamva GPS, GLONASS, Galileo ndi BeiDou nthawi imodzi komanso pa ma frequency awiri, ndipo pansi pa mitengo kusiyana kwake kumaoneka. Ine ndikanakhala inu, RTK ndikanagula droni isanabwere, chifukwa imagwira ntchito ngakhale popanda droni, pomwe droni popanda iyo ndi yopunduka.

Gogo Mapu:
Mwana wanga Kampasi wanena bwino, ndingowonjezerapo za datum, maziko amene mapu amawerengerapo malo. Mapu akale a mapepala a mayiko ambiri anajambulidwa pa datum ya dera lawo, osati WGS84 imene GPS imagwiritsa ntchito. Mukaika ziwirizi pamodzi osatembenuza, mtsinje umasuntha ndi mamita mazana, ndipo wophunzira amalemba mu lipoti kuti mtsinje unasintha njira. Palibe chipangizo chogula chimene chimachiza zimenezi, ndi kuphunzitsa basi. Chimodzimodzi kuwerengera kukula kwa malo pa ma degree kapena pa Web Mercator. Tembenuzani kaye ku UTM ya dera lanulo kapena projection yosunga kukula kwa malo.

Chiwombankhanga:
Chabwino, mwandiunjikira, koma ndiloleni ndiiteteze droni moona mtima, pamodzi ndi zoipa zake. Pali mafunso amene setilaiti singayankhe. Munda waung'ono wa mbewu zosakaniza, pixel imodzi ya mamita 10 imameza mbewu ziwiri, udzu, dothi ndi mthunzi wa mtengo. Kuwerenga mitengo umodziumodzi, kuyeza kukula kwa chigwembe chaka ndi chaka, kuona mmene madzi anagumulira mlatho, zonsezi ndi za droni. Komanso droni imachulukitsa ntchito ya a Kampasi: mukauluka mahekitala angapo, mwapeza malo ambiri odziwika bwino ophunzitsira kompyuta kuwerenga Sentinel-2, kuposa amene mukanayenda wapansi.

Zoipa zake nazi. Mukagula droni mwagula mwana wofuna kudyetsedwa. Ya mapiko ozungulira imauluka mphindi 20 mpaka 30 pa batire imodzi, ndiye tsiku limodzi la ntchito limafuna mabatire angapo ndi potchajira kumunda. Mabatirewo amakalamba ngakhale osawagwiritsa ntchito, makamaka mukawasunga odzaza kapena potentha, ndipo akatupa ndi oopsa. Zithunzi ziyenera kulowana ndi 70 mpaka 80 peresenti, kotero malo ochepa amabala zithunzi mazanamazana, zimene kompyuta yaikulu ija imasoka kwa maola. Pix4D ndi Agisoft Metashape ndi zolipira, OpenDroneMap ndi yaulere ndipo imagwira bwino. Kamera wamba simapereka NDVI, muyezo wa kubiriwira kwa mbewu, chifukwa NDVI imafuna near-infrared: masamba athanzi amameza kuwala kofiira n'kubweza near-infrared wambiri, ndipo kusiyana kumeneko ndiko timayeza. Ndiye pa mbewu mukufunika kamera ya multispectral, ndi kabolodi kake koyezera kuwala kamene mumajambula musananyamuke ndi mutatera. Mukapanda kutero, zithunzi za masiku awiri osiyana sizingayerekezedwe.

Pamwamba pa izo pali malamulo. Mayiko ambiri amafuna kuti droni ilembetsedwe ndi woyendetsa akhale ndi chiphaso ku bungwe loona za ndege, salola kupitirira mamita pafupifupi 120 m'mwamba, ndipo amafuna kuti muziiona ndi maso nthawi zonse. Ngati palibe wa chiphaso mu dipatimenti, maphunziro ake alowe mu bajeti.

Kampasi:
Ndiye mwadzitsutsa nokhatu achimwene.

Chiwombankhanga:
Ayi, ndangosintha malo ake pa mndandanda. Ikhale yachinayi, osati yoyamba, koma isachoke. Ndipo ikhale yaing'ono yokhala ndi RTK, osati chindege cha mapiko owongoka chimene chikagwa kamodzi labu yonse ili pa maliro.

Mphunzitsi wa Mapu:
Mnzanga wina wa za mbewu akukakamira spectroradiometer. Akuti popanda iyo sitingasindikize m'magazini apamwamba. Zoona?

Namondwe:
Zimatengera funso. Chida chimenecho chimayeza kuwala kobwerera kuchokera pa tsamba kapena dothi mwatsatanetsatane, zabwino zake kuyambira 350 mpaka 2500 nm. Ngati mnzanuyo akufufuza mmene matenda kapena kusowa kwa nayitirojeni kumasinthira kuwala kwa tsamba, kapena akufuna kutsimikiza kuti zithunzi zakonzedwa bwino pochotsa zosokoneza za mumpweya, akuchifunadi. Pa mapu a nkhalango ndi madzi osefukira sichifunika n'komwe. Ndi chodula, chimafuna bolodi yoyera ya Spectralon yosadetsedwa ngakhale ndi chala, mumayeza dzuwa lili pamutu kumwamba kopanda mitambo, ndipo nthawi ndi nthawi chimabwerera kwa opanga kukachiyezanso. Pa chaka chimagwira ntchito masabata ochepa. Chida chotere ndi chobwereka kapena chogawana ndi masukulu ena. LiDAR, yoyeza kutalika ndi laser, chimodzimodzi: musanaganize zogula, onani deta ya GEDI, chida cha NASA chimene chinaikidwa pa International Space Station mu 2018 kuti chiziyeza kutalika kwa mitengo. Ndi madontho, osati chithunzi chathunthu, koma ndi yaulere.

Mwanasukulu:
Nanga dishi yolandirira zithunzi mwachindunji kuchokera ku setilaiti? Ndinaona pa zithunzi za malabu ena.

Gogo Mapu:
Pali mitundu iwiri, mwana wanga. Siteshoni yotsata setilaiti ikamadutsa, ya dishi yoyenda yokha, ndi ya mabungwe aakulu, dipatimenti isayerekeze. Koma pali ina yophweka, ya EUMETCast, imene EUMETSAT imaulutsira deta ya zanyengo ndi zachilengedwe kudzera pa setilaiti za mauthenga. Dishi yake ndi yokhazikika, pamodzi ndi kabokosi kolandirira ndi kompyuta imodzi, ndipo sidalira intaneti. Pa nkhani ya mvula ndi madzi osefukira ingathandize, chifukwa zithunzi za Meteosat zimabwera kangapo pa ola. Koma imathira deta usana ndi usiku, ndiye popanda munthu woiyang'anira disiki imadzaza n'kuima.

Ndili pomwepa ndinene za mapepala. Musanagule plotter ya A0, makina osindikizira mapu aakulu, dzifunseni kuti mudzasindikiza kangati. Inki ikakhala miyezi osagwira ntchito imauma m'mitu yosindikizira, ndipo kukonza kwake n'kowawa. Ine ndikanasankha scanner yabwino. M'maofesi ambiri a mapu muli zithunzi zakale zojambulidwa pa ndege, zina za Landsat isanabadwe, zikudyedwa ndi chinyezi. Labu imene ingazisikane bwino n'kuziika pa malo ake enieni yapeza chinthu chimene palibe wina ali nacho. Palinso zithunzi za CORONA, za setilaiti zaukazitape za America za pakati pa 1960 ndi 1972, zimene zinatsegulidwa mu 1995. Zimavuta kuwongola koma zimaonetsa nkhalango za nthawi imeneyo bwino kwambiri. Ndipo mugule ma stereoscope awiri kapena atatu, ana aone phiri likutumphuka pa zithunzi ziwiri, amvetse chimene pulogalamu ya droni imachita mkati.

Wa Python:
Agogo, stereoscope mu labu ya GPU?

Gogo Mapu:
Ilibe laisensi, ilibe batire. Seka lero.

Mphunzitsi wa Mapu:
Zikomo nonse. Mmene ndikuonera, ndikayamba ndi magetsi, seva ndi waya, kenako makompyuta, kenako za kumunda pamodzi ndi RTK, droni yaing'ono ikatsalira ndalama. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi munthu wosamalira ndi ulendo wa kumunda, poti ndalamayi salola kulipira malipiro kapena mafuta.

Nkhokwe:
Zina mungazilowetse mu mtengo wa chipangizo. Pogula lembani kuti wogulitsa aike, aphunzitse anthu awiri, apereke waranti ya zaka zitatu, ndi zosinthira: disiki imodzi yapadera ya NAS, mabatire owonjezera, mapiko a droni. Zimenezo zimawerengedwa ngati zipangizo. Madisiki a NAS musatenge onse a gulu limodzi lopangidwa, amakonda kufa motsatizana. Za munthuyo, pitani kwa akuluakulu musanasaine chilichonse, muwauze kuti mbali yawo ndi imeneyo. Ndipo backup ikayamba kuyenda, yesani kubwezeretsa fayilo imodzi mwezi uliwonse, chifukwa ambiri amazindikira kuti sinkagwira tsiku limene akuifuna.

Kampasi:
Musanasankhe pakati pa rover yokha ndi base ndi rover, fufuzani kuti siteshoni ya CORS yapafupi ili makilomita angati kuchokera kumene mumachita kafukufuku, osati kuchokera pa sukulu. RTK imafooka mtunda ukamakula, ndipo mukapitirira makilomita 20 kapena 30 kuchokera pa siteshoni imodzi imayamba kuvuta kugwira. Onaninso ngati kumaloko foni imagwira. Ngati chimodzi mwa ziwirizi chikukayikitsa, gulani base yanu.

Mphunzitsi wa Mapu:
Malo athu awiri ali kutali ndipo foni imagwira pamwamba pa chitunda pokha. Ndiye base.

Mwanasukulu:
Funso lomaliza kwa a Nkhokwe. Laputopu yanga ili ndi 8 GB ya RAM ndi disiki yakale yozungulira. Ndingayambe nayo Sentinel-2 kapena ndidikire labu?

Nkhokwe:
Yambani lero. Sinthani disikiyo muike SSD, ndiko kusintha kumene mudzakuone kwambiri, ndipo ngati pali malo onjezani RAM ifike 16 GB. Musatsegule kagawo konse, dulani kaye dera lanu lokha, tengani ma band amene mukufuna basi, B4 ndi B8 ngati ndi NDVI, ndipo sankhani Level-2A imene yakonzedwa kale. Ma pixel a mitambo muwachotse pogwiritsa ntchito band ya SCL imene imabwera mu foda yomweyo. SNAP ndi radar ndizo zidzakuvuteni pa 8 GB, izo dikirani makina aakulu kapena chitirani ku Earth Engine.